Zimene Ndinkachita ndi Lyle M'galaja

1

Dzina langa ndine Marlys Tackett. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, ndipo kwa chaka chathunthu tsopano tawuni yonse ya Calloway Wells yakhala ikundinena kuti ndine mkazi wachimasomaso. Kutchalitchi anandichotsa m'gulu la amayi ophika. Kusitolo ndikalowera kumene kuli ufa, anzanga amathawira kumene kuli sopo. Sindikukana, amuna anga ndinawanyenga. Ndinawanyenga zaka zisanu ndi chimodzi, pakhomo pawo pomwe, eni ake akuimba mluzu. Koma ndiloleni ndiyambire poyambira.

Amuna anga ndi a Orval. Zaka makumi atatu ankagulitsa makapeti, ndipo ng'ombe anaidziwira pambale basi. Hatchi anakwerapo kamodzi kuchionetsero, mwini wake atagwira chingwe. Koma atangopuma pantchito analowa kalabu ya owombera mwachikale, ija imakumana Loweruka loyamba la mwezi kuseri kwa phiri. Kumeneko madokotala a mano ndi ogulitsa inshulansi amavala ngati oweta ng'ombe a makedzana a kuno ku Arizona, n'kumawombera mbale zachitsulo ndi mfuti za volovolo, wina ali pambuyo ndi wotchi. Dzina la ubatizo amalisiya m'galimoto. A Orval anadzitcha Sherifu Chiphaliwali.

Kalabuyo ndi yogawikana kuposa mpingo uliwonse umene ndikuudziwa. Kuli a fote faifi, amene chipolopolo chawo n'chonenepa ngati chala chachikulu ndipo mfuti yawo imakankha ngati bulu. Kuli a sate eyiti, a chipolopolo chowonda, mfuti yofatsa, owombera mwachangu. A fote faifi amati enawo si amuna. A sate eyiti sayankha, amangonyamula zikho n'kumapita kwawo.

A Orval anali mkulu wa ansembe wa fote faifi. Munthu amene ankakonda kumutola anali Lyle Brubaker wa sate eyiti, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, wamasiye, wowonda ngati ndodo ya tsache.

"Iwe Lyle, pamenepo wawombera kapena wayetsemula?"

"Mbale yalira, a Sherifu."

"Yalira chifukwa cha chisoni! Kamfuti kakoko mkazi wanga angamaswere mtedza. Ukawombera wakuba ndi kameneko, akufunsa ngati uli ndi mankhwala a udzudzu."

Anthu ankaseka mpaka kugwira zipewa. Lyle ankangopukuta magalasi ake.

Ine ntchito yanga inali yakumbuyo. Ndinkasoka malaya a Sherifu, kupukuta nyenyezi yawo ya pachifuwa, kuphika nyemba za tsabola ndi buledi wa chimanga zodyera kumpikisano, ndiponso kudzaza zipolopolo zawo m'galaja. Iwo ankati kuyeza wonga pasikelo n'kumathira m'timakoko ta mkuwa n'chimodzimodzi kuphika keke, ndiye ndi ntchito ya mayi.

2

Mkangano wa mfuti sunathere kuphiri. Unalowa mpaka kuchipinda.

M'kabati ya pambali pa bedi a Orval ankasungamo fote faifi ina, yoteteza pakhomo. Imeneyo zipolopolo zake sanafune zanga. Anakagula kusitolo bokosi lojambulidwa chimbalangondo, n'kuikamo zisanu, n'kutseka kabati. Mfutiyo sanaiwomberepo ngakhale kamodzi. Ankangoitulutsa alendo akabwera, kuti aione.

Tsiku lina ndinayesa kuinyamula. Inalozetsa yokha pansi.

"Bambo," ndinatero, "Lachiwiri lililonse inu mumakhala kutawuni tsiku lonse, kumwa khofi ndi anzanu. Ine ndimatsala ndekha. Wakuba atabwera, chitsulo ichi ndingatani nacho? Ndimuponyere paphazi?"

"Ukangomulozetsa, athawa yekha."

"Nanga akapanda kuthawa? Bwanji tigule sate eyiti yoti inenso ndingaikwanitse?"

Anaika foloko pansi pang'onopang'ono ngati ndatukwana amayi awo.

"Marlys, m'nyumba muno mungalowe njoka, mungalowe a msonkho, angalowe ngakhale mchemwali wako. Koma sate eyiti simulowa ine ndili moyo. Akamva anzanga ndiyang'ana kuti?"

"Akuba sadziwa manambala, bambo."

"Anzanga amadziwa."

Nkhani inathera pomwepo.

3

Patapita zaka ziwiri chilowereni kalabu, nyamakazi inawagwira dzanja lamanja. Ankalephera kutsekula botolo la jamu. Akabwera kumpikisano dzanja linkatupa ngati buledi, ndipo ankalimiza m'beseni la madzi oundana atatseka chitseko cha kubafa, poganiza kuti sindikudziwa. Dokotala anawauza kuti asinthe mfuti, atenge yopepuka. Anasintha dokotala.

Ndinawapeza tsiku lina atakhala pakhonde, lamba wa mfuti ali pamiyendo, misozi ili m'maso. Munthu ameneyu sanalire pamaliro a bambo ake.

"Ndikasiya zimenezi ndikhala ndani, Marlys? Wogulitsa makapeti wopanda makapeti."

Koma kuyambira chaka chimenecho zinthu zinayamba kusintha. Dzanja linasiya kutupa. Mbale zinayamba kulira motsatizana, ngwe, ngwe, ngwe. Chaka chachitatu analanda chikho cha okalamba, chaka chotsatira anachilandanso. Mutu unakula mpaka chipewa chinachepa.

"Mwaona?" ankatero akupinda mkono pamaso pa anthu. "Mfuti ya mwamuna imalimbitsa mwamuna. Ine masiku ano sindimva n'komwe ikamakankha!"

Ndiye kunabwera Loweruka lija la mwezi wa Malichi chaka chatha. Ndinali patebulo la zakudya ndikugawa nyemba, Lyle n'kubwera ndi mbale yake. Anadikira mpaka anthu atachepa. Anaweramira kwa ine n'kulankhula motsitsa.

"Mayi Tackett, ine ndakhala ndikukuonani kwa nthawi yaitali."

Chipande chinandigwa m'manja.

"Ndikudziwa," anatero. "Musaope, sindiuza munthu. Koma simungapitirize nokha chonchi. Sherifu amachoka tsiku lanji?"

Ndinayang'ana amuna anga. Anali chapatali akuphunzitsa anthu kaimidwe ka mwamuna weniweni.

"Lachiwiri," ndinanong'ona. "Mulowere kugalaja."

4

Lyle anabwera Lachiwiri limenelo, ndi lotsatira, ndi linanso. Ankaimika galimoto yake kuseri kwa thanki yathu ya madzi, ine n'kutsitsa chitseko cha galaja. Tinkakhalamo maola awiri, nthawi zina atatu. Potuluka tonse tinkakhala titatuluka thukuta, chifukwa m'galaja ya malata mwezi wa Epulo simuseweredwa.

Ndinaiwala chinthu chimodzi: Wanda Kessler.

Wanda ndi mnansi wathu, mlembi wa amayi a kutchalitchi. Ali ndi zoonera patali zimene amati n'zoonera mbalame. Kwathu kuno mbalame zilipo mitundu inayi yokha, koma Wanda amakhala pawindo tsiku lonse.

Lamulungu lina anandigwira mkono potuluka m'tchalitchi.

"Anzanga, mwayamba kuwala bwanji masiku ano! Ndi mafuta anji?"

"Ndi thukuta, a Wanda."

"Eya, ndaona. Lachiwiri kumatentha kwambiri kwanuko." Anamwetulira. "Tikukupemphererani."

Pofika Lachitatu anali atandipempherera kusaluni, kupositi ndi kogulitsa matayala. Lolemba lotsatira pemphero linafika kwa a Orval.

Madzulo amenewo sanadye. Anangondiyang'ana n'kufunsa, "Mawa uli ndi pulogalamu yanji, mayi?"

"Kuchapa basi."

"Kuchapa," anabwereza. "Chabwino."

Ndikanakhala wanzeru ndikanamuimbira Lyle kuti asabwere. Koma mpikisano waukulu wa boma lonse unali utatsala milungu iwiri, ndipo ine maganizo anali kwina.

5

Lachiwiri mmawa a Orval anatsanzika monga mwa masiku onse. Lyle anafika cha m'ma leveni. Tinatsitsa chitseko.

Zimene zinkachitika panja ndinazimva pambuyo pake. A Orval anaimika galimoto kumsewu, n'kubwerera wapansi, n'kulowera khomo la kukhitchini. Mwamuna wina aliyense akanathamangira kugalaja. Iwo anayamba alowa kuchipinda kukasintha. Anavala nsapato zazitali, malaya akuda, nyenyezi, mpango wa m'khosi ndi chipewa. Wanda akuti anawaona pawindo akudziyang'ana pagalasi kawiri. Kenako anatsekula kabati ya pambali pa bedi.

Chitseko cha galaja chinakwera ndi phokoso. Anatipeza titaweramira patebulo, mitu itagundana, dzanja la Lyle lili pa dzanja langa.

"Brubaker!" anakuwa. "Tuluka panja tithane ngati amuna!"

Lyle anakweza manja. "Ndilibe mfuti, Orval. Ndili ndi kasupuni."

"Tuluka!"

"Bambo, ikani chinthucho pansi," ndinatero. "Muno muli wonga. Mutiphulitsa tonse."

Tinatuluka padzuwa. Ndikuuzeni zoona, owerenga, kuseka kunalibe pamenepo. Nkhope ya a Orval inali yotuwa, ndipo mfuti ya zipolopolo za chimbalangondo inali m'dzanja la munthu amene mtima wake wasweka. Ndinaima pakati pa awiriwo.

"Zaka makumi anayi, Marlys," anatero ndi mawu osasa. "Ndipo pa amuna onse a m'boma lino, wasankha wa sate eyiti?"

"Si zimene mukuganiza."

"Choka pakati!"

"Sindichoka."

Sanali munthu woti n'kuwombera mnzake, ndipo iwonso ankadziwa. Koma Wanda anali pampanda ndi zoonera mbalame zake, ndiye Sherifu sakanangobwerera m'nyumba chimanjamanja. Anatembenuka, n'kulozetsa mfuti kumwamba cha kuthanki, ndi dzanja limodzi monga amachitira kuphiri.

"Brubaker, imva mmene mfuti ya mwamuna imalankhulira!"

Phuu!

Mawindo ananjenjemera. Agalu a tawuni yonse anayamba kuuwa. Mfuti inadumpha, n'kuwamenya pachipumi, n'kuulukira m'maluwa anga. Chipewa chinapita kwina. A Orval anabwerera m'mbuyo masitepe atatu n'kukhala pansi, phi, magazi akutsikira pamphuno. Thanki inabooka, madzi n'kuyamba kutsanulira pagalimoto ya Lyle.

"Yaphulika!" analira atagwira dzanja. "Mayo, mfuti yaphulika!"

Lyle anakaitola, n'kuitsekula, n'kuiyang'ana bwinobwino.

"Sinaphulike, Orval," anatero mofatsa. "Yangolira mmene fote faifi imalirira."

6

Ndinawatengera kuchipatala ndekha. Anakhala pampando wa pambali, thaulo lili pachipumi, dzanja lili pachifuwa. Tinayenda mtunda ndithu.

"Brubaker amatanthauza chiyani?" anafunsa potsiriza. "Ine fote faifi ndimaidziwa. Ndaiwombera kambirimbiri. Siichita chonchija."

Ndinaimika galimoto pambali pa msewu n'kuzimitsa injini.

"Bambo, fote faifi yeniyeni munaiwombera komaliza zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo."

Ndinawauza zonse. Tsiku lija ndinawapeza akulira pakhonde, ndinalowa m'galaja n'kuchotsako wonga pang'ono m'zipolopolo zawo. Pang'ono zedi, ngati mchere wa m'dzira. Mwezi wotsatira ndinachotsakonso. Kenako ndinayamba kuitanitsa mitu ya zipolopolo yopepuka, n'kumataya mapepala ake. Chaka ndi chaka ndinkatsitsa, iwo chaka ndi chaka akumanena kuti mkono ukulimba. Kunja chikoko chinali cha fote faifi. M'kati munali mphamvu yochepa kuposa ya kamfuti ka Lyle.

"Ndiye Brubaker akubwera pati?"

"Mukukumbuka mu Malichi, Lyle atagwira wotchi, anakukuwirani kuti muime, chipolopolo chitatsakamira mumpope wa mfuti? Inu munati ndi chinyezi. Sichinali chinyezi. Ndinachepetsa wonga mopitirira. Mukanawomberanso, dzanja likanaduka. Lyle anatsimikiza tsiku lomwelo. Ndipo kumpikisano waukulu amayeza liwiro la zipolopolo ndi makina. Zanu zikanalephera pamaso pa anthu onse. Lyle amabwera kudzandiphunzitsa muyezo woti mudutse pamakinapo koma dzanja lisatupe."

"Basi?"

"Basi."

"Sanakugwire?"

"Anandigwira dzanja pondionetsa kathiridwe. Munthu uja amanunkha mankhwala a chifuwa, bambo."

Ndinkayembekezera kuti apuma mosangalala, mwina kundikumbatira ndi dzanja labwinolo. Koma nkhope yawo inagwa kuposa mmene inalili kugalaja.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndikumuseka Lyle..."

"Zake zinali zamphamvu kuposa zanu."

Anatseka maso. Kenako analankhula osandiyang'ana.

"Wanda waona chiyani?"

"Waona inu mutapeza mkazi wanu ndi mwamuna m'galaja, n'kuwombera."

"Za wonga sakudziwa?"

"Angadziwe bwanji?"

"Zikhale choncho."

Ndinaganiza kuti mfuti yawasokoneza mutu. "Mukuti chiyani?"

"Marlys, mwamuna akaberedwa mkazi, anzake amamugulira mowa. Zimachitika. Koma akamva kuti Sherifu Chiphaliwali amawombera mpweya, ndikasamukire kuti? Chonde, mayi. Anthu aziganiza zimene akuganizazo."

Ndipo ine, chitsiru cha mkazi, poona magazi pachipumi ndi manyazi m'maso mwawo, komanso podziwa kuti bodza ndinaliyamba ndine, ndinavomera.

7

Anawasoka pachipumi n'kuwamanga pulasitala padzanja. Kumpikisano waukulu sanapite, koma kutawuni analandiridwa ngati msilikali wochokera kunkhondo. Nkhani inkakula tsiku ndi tsiku. Pofika mwezi wa Juni, chipsera chija chinali cha nkhonya ya Lyle, ndipo Lyle anali atathawa kudumpha mpanda nsapato zili m'manja. A Orval sankatsimikiza, sankatsutsanso. Ankangogwira chipsera n'kuyang'ana patali.

Lyle naye sanadandaule. Munthu amene kwa zaka khumi palibe mkazi anamuyang'anapo kawiri anayamba kupeza miphika ya chakudya pakhomo pake. Amayi amasiye atatu ankakanganirana kukhala naye pafupi kutchalitchi. Anagula chipewa chatsopano. Nditakumana naye kupositi n'kumupempha kuti anene zoona, anapukuta magalasi n'kuti, "Mayi Tackett, ndinalonjeza Orval. Komanso, kunena zoona, sindinadyepo bwino chonchi."

Amuna awiri onse anapindula. Wolipira ndinali ine. Abusa analalikira za mkazi wa Potifara akuyang'ana denga la mbali yanga. Keke yanga pa chakudya cha mpingo inabwerera yosadulidwa. Ndinapirira, ndikumati zidzazizira.

Kenako nkhani inafika ku Denver, kwa mwana wathu Corinne. Anaimba foni mwezi wa Novembala.

"Amayi, ndamva. Chaka chino sitibwera kutchuthi. Sindikudziwa kuti ana ndiwauza chiyani." Anali akulira. "Pa msinkhu wanuwu, amayi? Adadi anakulakwirani chiyani?"

Ndinapatsira foni a Orval, ndili ndi chikhulupiriro kuti kwa mwana wawo yekha anena zoona. Anakhosomola, n'kuyang'ana pansi.

"Usalire, mwana wanga," anatero. "Amayi ako ine ndinawakhululukira."

Ndinawalanda foniyo n'kuidula. Sindinakuwe. Ndinalowa kuchipinda, n'kutenga makiyi a galimoto, n'kupita kusitolo ya mfuti. Ndinabwerako ndi sate eyiti yaing'ono yokwana bwino m'dzanja langa, n'kuiika patebulo pakati pa mchere ndi tsabola.

"Iyi ikhala mbali yanga ya bedi," ndinatero. "Ija ya chimbalangondo mukaitsekere m'bokosi. Ndipo muimbira Corinne lero, mumuuze zonse, apo ayi mawa ndinyamuka kupita ku Denver osabweranso. Zipolopolo muzikadzaza nokha."

Anayang'ana kamfutiko, n'kuyang'ana ine. Anatenga foni.

Zinawatengera mphindi makumi anayi. Anayambira pa mbiri ya mfuti, n'kudutsa pa nyamakazi ya agogo awo. Atafika pa wonga, mawu anachepa mpaka ndinachita kuwayandikira kuti ndimve. Kenako Corinne anaphulika ndi phwete, kuseka mpaka kutsamwa, n'kuitana mwamuna wake kuti adzamve. Atatha kuseka anati, "Adadi, mwawasiya amayi azitukwanidwa miyezi yonseyi chifukwa cha zimenezi? Apatseni foni, ndiwapepese. Inu ndilankhula nanu ndikabwera."

A Orval anakhala pampando ngati thumba lotsitsidwa pagalimoto. Kenako anati, "Ndakulakwira, Marlys." Zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati, aka kanali koyamba kumva mawu amenewa osatsatidwa ndi "koma".

8

Corinne anabwera ndi ana. Koma tawuni sinadziwebe, ndipo a Orval kulimba mtima kwawo kunathera pafoni paja. Ndiye ndinawauza kuti ndilemba kalatayi. Ndinawawerengera yonse dzulo pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti ituluka m'magazini yanji. Nditawauza, anapuma.

"Ya azimayi? Tumiza. Anzanga sawerenga zimenezo."

Sindinawakumbutse kuti anzawowo ali ndi akazi.

Owerenga anzanga, makamaka inu amayi amene mumakonza zinthu mwakachetechete kuti bambo asakhumudwe, ine sindikudziyeretsa. Ndinkati ndikuwachitira chifundo, ndipo mwina poyamba chinalidi chifundo. Koma ndinkaopanso mkangano wa tsiku limodzi, ndipo pothawa tsiku limodzilo ndinamunamiza munthu za mphamvu zake zomwe kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka anatsala pang'ono kuduka dzanja, mwinanso kupha munthu. Mwamuna wanu akakalamba, muuzeni kuti wakalamba. Adzakwiya mpaka chakudya chamadzulo, kenako adzafuna kudya. Ndipo ngati m'nyumba mwanu mumasunga mfuti, ikhale yoti mwini wake anaiwomberapo n'kuidziwa, osati yoti anzake akumowa aigomere.

Kwa inu a Wanda, podziwa kuti magazini ino mumaiwerenga isanafike n'komwe pashelefu: mwamva tsopano. Ndikupempha muifalitse ndi changu chomwe chija. Muyambire kusaluni, mudzere kupositi, ndipo kogulitsa matayala musakuiwale. Lamulungu likubwerali ndibweretsa keke ya maapozi, ndipo ndidzaima pambali pake ndi mpeni mpaka mutadya chidutswa choyamba.